Njuchi zabodza za m'dimba: mmene mungasiyanitsire ntchentche za maluwa zofanana

Mukausiya mpiru m'dimba kuti uchite maluwa, m'mawa dzuwa likangoyamba kuthyola mame pamabwera tizilombo tachikasu ndi takuda tambirimbiri. Ambirife timangoti njuchi ndi mavu, n'kulambalala. Koma taimani kaye. Pali kena kamene kamaima m'malere osasuntha ngati kapachikidwa pa ulusi, kenaka n'kuzemba mwa kuphethira kwa diso, n'kubwereranso pamalo pomwe paja. Kameneko si njuchi. Ndi ntchentche, ilibe mbola, ndipo mukhoza kuifumbata m'manja popanda chokuchitikirani. Pa Chingerezi amaitcha hoverfly, akatswiri amati ndi ya banja la Syrphidae. Ine pano ndizingoti ntchentche za maluwa.

Mitundu yodziwika padziko lonse ndi pafupifupi 6,000, ndipo yoposa 600 mwa imeneyi ili mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Chovuta n'chakuti yambiri inasoketsa kwa telala mmodzi: mizere yachikasu pa nsalu yakuda, kutengera njuchi ndi mavu kuti mbalame ziziopa. Ndiye munthu akangoyamba kuziphunzira amathamangira mawanga a pamimba, poti ndi amene amaoneka msanga. Mawangawo ndiwo amasocheretsa. Ntchentche ziwiri za mtundu umodzi zikhoza kusiyana, ina yowala ina yoderapo, pamene ziwiri za mitundu yosiyana zikhoza kufanana ngati mapasa. Zimene sizinama ndi nkhope, maso, miyendo ndi mitsempha ya m'mapiko. Ntchito yathu ndi kuzoloweza diso kuti lichoke pa malaya lipite kumeneko.

Pa za mayina: dzina la sayansi limakhala pawiri, monga Eristalis tenax. Loyambalo litengeni ngati mfunda, Phiri kapena Banda, umene abale ambiri amagawana. Lachiwirilo ndi dzina la mwiniwake. Nthawi zambiri mfunda mudzaupeza mosavuta, dzina lenileni n'kukuvutani.

1. Sonkhanitsani zida, n'zochepa

Foni ya kamera yabwinoko, galasi la m'manja lokuza zinthu kakhumi, kabotolo koonekera mkati kokhala ndi chitsekero, rula, kope ndi pensulo. Ukonde wogwirira mukhoza kusoka nokha ndi waya wokhuthala wopinda ngati mkombero wa lichero, ndodo ya nsungwi ndi nsalu yopyapyala ya katani yakale. Musadule neti ya udzudzu. Ili ndi mankhwala, kachilombo kanu kadzayamba kuphupha musanakajambule n'komwe, komanso netiyo ili ndi ntchito yake kuchipinda.

Pitani m'mawa, kuyambira cha m'ma 8 mpaka 11 koloko, pamene zikuothera dzuwa pa masamba zisanachangamuke. Dzuwa likafika paliwombo simungazipeze liwiro. Zimakonda maluwa osaya, oti mlomo waufupi ufike pa timadzi: chisoso, deliya, mpiru ndi repu zochita maluwa, karoti ndi anyezi wosiyidwa kuti abereke njere, mango ndi mapeyala pa nyengo ya maluwa. Yandikirani mthunzi wanu uli kumbuyo. Ukangogwera pa duwa, zapita.

2. Tsimikizani kuti ndi ntchentche, ndiponso kuti ndi ya maluwa

Aliyense amadziwa kunena kuti njuchi ndi mavu ali ndi mapiko anayi pamene ntchentche ili ndi awiri. N'zoona, koma pa duwa simungawerenge, chifukwa mapiko a njuchi amakolana n'kuoneka ngati awiri. Yambani ndi mutu. Tinyanga ta njuchi n'tatitali, topindika ngati chigongono. Ta ntchentche zambiri za maluwa n'tatifupi, tolendewera kutsogolo kwa nkhope, ndipo kalikonse kali ndi kaubweya kamodzi kotulukira pamwamba. Maso a ntchentche amadzaza pafupifupi mutu wonse, pamene a njuchi imene imayendera maluwa ndi opapatiza, ali m'mbali. Ikakhala m'botolo, yang'anani kuseri kwa tsinde la phiko: mudzaona kachibonga kakang'ono, kandodo kamutu wobulungira. Ndi kamene kamaithandiza kuti isapendekeke pouluka, ndipo njuchi ndi mavu alibe. Kachibongako n'kofunika chifukwa zilipo ntchentche zochenjera, monga Ceriana ndi abale ake, zimene zinatengera mavu mpaka nyanga zazitali ndi chiuno chowonda.

Tsopano phiko. Liyerekezeni ndi munda wogawidwa ndime, mitsempha ndiyo malire. Lozetsani botolo kumene kukuchokera kuwala muyang'ane ndi galasi. Pakati pa phiko, motsata utali wake, pamadutsa mzere wooneka ngati mtsempha koma wozimirira, wosalumikizana ndi unzake kumapeto. Akatswiri amautcha vena spuria, kutanthauza mtsempha wabodza, ndipo ndiwo chidindo cha banja limeneli. Chachiwiri, mitsempha ya kunsonga siyifika m'mphepete mwa phiko molunjika. Imakhota n'kuyenda motsatana ndi mphepetemo, n'kusiya kampata koyera ngati mpendero wa chitenje. Zilipo zochepa zopanda mtsempha wabodza, monga Syritta flaviventris, koma zimenezo mudzazidziwira kwina.

Pali alendo atatu amene amasokoneza pa sitepe iyi. Ntchentche za banja la Bombyliidae nazo zimaima m'malere, koma zambiri n'zaubweya wambiri, miyendo yowonda, ndipo zina zili ndi mlomo wautali wosongoka ngati singano. Ntchentche yakuda ija alimi ena ayamba kuweta kuti mphutsi zake zikhale chakudya cha nkhuku ndi nsomba, Hermetia illucens, imaoneka ngati mavu, koma si ya banja lino: nyanga zake n'zazitali, ndipo kumayambiriro kwa mimba ili ndi timawindo tiwiri toonekera. Wachitatu ndi wotembenuza nkhani. Ornidia obesa ndi ntchentche ya maluwa yeniyeni, yochokera ku America koma yofalikira m'madera ena otentha a Africa, ndipo ndi yobiriwira monyezimira ngati zija za pa nyama yoola. Kusiyana kwake n'kwakuti ya pa nyama ili ndi ubweya wolimba ngati minga pamsana, pamene Ornidia ndi yosalala, ili ndi kadontho kakuda pa phiko, ndipo imatha kuima m'malere.

3. Jambulani zithunzi zinayi, osati chimodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amaluza. Amajambula pamwamba pokha, chithunzi chokongola ndithu, kenaka n'kumadabwa kuti palibe amene akutha kuwauza dzina. Inenso ndili ndi zithunzi zambirimbiri za misana ya ntchentche zimene sizidzadziwika mpaka kalekale, chifukwa miyendo inabisika pansi pa mapiko.

Mukufunika chithunzi cha pamwamba choonetsa msana ndi mimba, cha kutsogolo choonetsa nkhope ndi maso, cha pambali choonetsa miyendo yonse itatu ya mbali imodzi, ndi cha phiko. Mukakhala ndi mpata wa chimodzi chokha, jambulani chapambali mopendekera kutsogolo, kuti nkhope ndi miyendo zilowemo limodzi.

Kuti ifatse, ikani botolo mu firiji kwa mphindi 5 kapena 10, osati mbali youmitsa madzi ija. Ikatuluka imakhala yaulesi kwa kanthawi, yokwanira kujambula, kenaka imatenthedwa n'kuuluka bwinobwino. Ngati mulibe firiji, lowetsani thonje m'botolo pang'onopang'ono mpaka ntchentcheyo itapanikizika mofewa ku galasi. Galasi lokuza lija mukaligunditsa pa diso la kamera ya foni, mumapeza chithunzi chapafupi chodabwitsa. Yezani utali kuchokera kumutu mpaka kunsonga ya mimba, mulembe m'mamilimita. Lembaninso malo, tsiku ndi duwa limene munaipezapo.

4. Yaimuna kapena yaikazi?

Musadumphe apa, chifukwa zizindikiro zambiri zimagwira ntchito pa imodzi yokha. M'mifunda yambiri, maso a yaimuna amakumana pamwamba pa mutu, pamene a yaikazi amasiyana, pakati n'kukhala chipumi. Mifunda ina, monga Helophilus, ngakhale yaimuna ili ndi maso otalikirana. Pamenepo yang'anani kunsonga ya mimba: ya yaimuna ndi yobulungira, yopindikira pansi ngati kachibakera, pamene ya yaikazi imatha mosongoka. Zimene mumaziona zitaima m'malere pansi pa mtengo, pamalo pamene dzuwa lalowera, n'kumathamangitsa chilichonse chodutsa, kawirikawiri zimakhala zazimuna zolondera malo awo.

5. Phiko likuuzeni gulu

Bwererani ku phiko. Pezani mtsempha wautali umene umakathera pafupi ndi nsonga yeniyeni. M'mabuku amaulemba R4+5. Kodi ukuyenda molunjika, kapena pakati pake walowa pansi n'kukweranso ngati msewu wotsikira m'khwawa?

Ukakhala ndi khwawa lakuya, ndipo ntchentcheyo ndi yojintcha, yaubweya, yonga njuchi, muli m'gulu la Eristalis ndi abale ake. Mphutsi zawo ndi zija za mchira wautali ngati wa khoswe zimene zimapezeka m'madzi onunkha, m'ngalande, m'zithaphwi za pakhola. Mchirawo ndi paipi yopumira. Ukakhala wolunjika kapena wopindika pang'ono chabe, ndipo thupi ndi losalala, lonyezimira, la mizere yonga ya mavu, mwachidziwikire muli m'gulu la zimene mphutsi zake zimadya nsabwe za mbewu. Izi ndizo abwenzi a mlimi wa dimba, ndipo ndi chifukwa chokwanira chophunzirira zonsezi musanatenge sipuleya.

Mukakhala m'gulu loyambalo, onaninso ndime ya kutsogolo kwa mtsempha uja, kufupi ndi mphepete ya kutsogolo kwa phiko. Mitsempha iwiri yoizinga ikakumana isanafike m'mphepete, ndimeyo ndi yotseka, ndipo ndi mmene zilili ndi Eristalis, Eristalinus ndi Phytomia. Ikafika m'mphepete uliwonse pawokha, ndimeyo ndi yotsekuka: Mesembrius kapena Helophilus. Kanthu kakang'ono kameneka kamadula theka la ntchito.

6. Zonga njuchi: maso, nkhope, mapazi

Yambani ndi maso, poti kuno kwathu ndiwo amasangalatsa. Diso likakhala lachikasu lokhala ndi mawanga kapena mizere yakuda, ganizirani mfunda wa Eristalinus. Eristalinus taeniops ili ndi mizere yakuda yotsika kuchokera pamwamba, pafupifupi isanu pa diso lililonse, ngati mbidzi. Eristalinus megacephalus ili ndi timadontho, ngati munthu wawazapo fumbi la makala, ndipo pamsana pake pali mizere yachikasu ndi yakuda yooneka bwino. Zonse ziwiri zimapezeka mu Africa mpaka kumwera kwa Ulaya. Koma chenjerani: taeniops ili ndi abale ena mu Africa a maso amizere, ndipo a maso amadontho ndiye alipo ambiri. Werengani mizere ya pa diso, onani ngati mizere ya pamsana ili yowala kapena yozimirira, ndipo jambulani idakali yamoyo, chifukwa ikafa n'kuuma mawanga a m'maso amatha kuzimirira.

Maso akakhala akuda kapena oderako opanda mawanga, onani ngati ali ndi ubweya. Zunguzani botolo mpaka kuwala kudutse m'mphepete mwa diso. Ubweya ukakhalapo umaoneka ngati nkhungu. Phytomia ndi yaikulu, yonenepa, mutu waukulu, maso opanda ubweya, ndipo pamwamba pa tinyanga ili ndi kamalo kamakwinya. Eristalis ili ndi maso aubweya.

Eristalis tenax ndiyo mfumu ya njuchi zabodza. Yafalikira pafupifupi dziko lonse lapansi, ku South Africa nako iliko, ndipo imafanana ndi njuchi ya uchi mpaka kulendewetsa miyendo yakumbuyo pouluka. Mimba yake musaikhulupirire n'komwe: ina imakhala ndi mawanga aakulu ofiirira, ina yakuda pafupifupi yonse. Zizindikiro zake zenizeni ndi izi. Pankhope pali mzere wakuda wotambalala wotsika pakati. Pa diso lililonse ubweya wakuda waunjikana m'mizere iwiri yotsika. Msongolo wa mwendo wakumbuyo ndi wonenepa, wopindika ngati uta. Mapazi a kutsogolo ndi akuda.

Mapaziwo ndi amene amathetsa mlandu kwa inu amene muli ku Britain, kumene kuli mitundu ya ntchentche za maluwa pafupifupi 280 ndipo anaiphunzira mpaka kuubweya. Kumeneko tenax imakhala pa duwa limodzi ndi Eristalis pertinax, yofanana nayo msinkhu. Pertinax ili ndi mapazi achikasu pa miyendo ya kutsogolo ndi yapakati, mimba ya yaimuna imawonda molunjika kunsonga, ndipo msongolo wakumbuyo ndi wowala kumtunda, wakuda kumunsi. Mukangoona mapazi achikasu, nkhani yatha. Palinso ziwiri zazing'onopo, Eristalis arbustorum ndi Eristalis nemorum. Arbustorum nkhope yake yonse ndi yotuwa ngati yapakidwa ufa, yopanda mzere, pamene nemorum ili ndi kamzere kakuda kopyapyala. Msampha wake ndi uwu: arbustorum ikakalamba ufa uja umaperepeseka pakati, n'kuoneka ngati ili ndi mzere. Choncho nkhope yokha isakukhutitseni; mukaona yaimuna itaima m'malere pamwamba penipeni pa yaikazi imene ikudya pa duwa, khalidwe limenelo ndi la nemorum.

Zatsala za ndime yotsekuka zija. Zambiri zili ndi mizere yachikasu yoyenda motsata msana, ngati jezi ya timu ya mpira. Kuno n'kwawo kwa Mesembrius, imene imakonda m'madambo ndi m'mphepete mwa madzi; Helophilus kwawo makamaka ndi ku Ulaya, kumpoto kwa Asia ndi North America. Musasokoneze Mesembrius ndi Eristalinus megacephalus chifukwa cha jezi: onani maso ndi ndime ija. Kwa a ku Ulaya, Helophilus pendulus ili ndi msongolo wakumbuyo wakuda kumunsi kokha, gawo limodzi mwa magawo atatu. Wa Helophilus hybridus ndi wakuda theka kapena kuposa. Helophilus trivittatus ndi yachikasu chowala ngati ndimu, ndipo mzere wa pankhope pake si wakuda.

7. Zonga mavu: zodya nsabwe

Gulu ili ndi limene limayesa mtima. Zambiri n'zapafupifupi sentimita imodzi, zachikasu ndi zakuda. Dongosolo lake ndi ili: m'mbali mwa msana, tinyanga, maso, kenaka mimba pomaliza.

M'dimba mwanu mukakhala nsabwe pa repu, kabichi kapena nyemba, mlendo amene mudzakumane naye kawirikawiri ndi Ischiodon aegyptius, yofala mu Africa yense. Msana wake ndi wakuda wonyezimira, ndipo mbali iliyonse ili ndi mzere wachikasu wowala, wodulidwa bwino ngati wolembedwa ndi penti, kuchokera paphewa kulowera kutsinde la phiko. Kachigawo kakumapeto ka nyanga n'kotalikirapo, kosongoka. Yaimuna ili ndi kamunga pansi pa tsinde la mwendo wakumbuyo, pamene mwendo walumikizana ndi thupi. Mukaona kamungako pa chithunzi cha pambali, mwapeza.

Allograpta nayo ili ndi mzere wachikasu m'mbali mwa msana, ndipo ndi imene imasokonezedwa ndi Ischiodon. Koma ndi yowonderapo, nsonga za tinyanga n'zobulungira, ndipo yaimuna ilibe kamunga. Eupeodes corollae, imene ili mu Africa, Ulaya ndi Asia, ndi yotambalala mimba, ndipo m'mbali mwa msana mulibe mzere wodulidwa bwino uja. Muli chikasu chozimirira chabe ndi ubweya. Betasyrphus mudzaidziwira maso aubweya wambiri ndi malamba otuwira a pamimba. Asarkina ndi yokulirapo, mimba yophwatalala yofiirira ngati lalanje lakupsa, yodulidwa ndi timalamba takuda topyapyala, nkhope yotulukira kutsogolo.

Mimba imathandiza, inde, koma funso likhale lolunjika. Musafunse kuti chikasu chachuluka bwanji. Funsani kuti wanga lafika m'mphepete kapena ayi. Umu ndi mmene amasiyanitsira Eupeodes corollae ndi mnzake wa ku Ulaya, Eupeodes luniger: mawanga a corollae amafika m'mphepete mwa mimba n'kudutsa, pamene a luniger ndi opindika ngati mwezi wongooneka kumene ndipo amalekezera panjira, mphepete n'kukhala yakuda. Ichi simungachione pa chithunzi cha pamwamba mapiko atatseka. Yaimuna ya corollae ilinso ndi kachibakera kakakulu kunsonga ya mimba.

Kuchuluka kwa chikasu n'kosadalirika pa chifukwa chodziwika bwino. Pa Episyrphus balteatus, ntchentche yofala kwambiri ku Ulaya imene imadziwika ndi malamba akuda awiriawiri, lalikulu ndi laling'ono, pa zigawo za mimba, mphutsi ikakhwimira m'nyengo yozizira imatuluka yakuda, ikakhwimira potentha imatuluka yowala. Mayi mmodzi, ana osiyana malaya. Zimachitikanso ndi Eristalis arbustorum. Ndiye mukapeza ntchentche yoderapo m'mwezi wa June kapena July ku Dedza kapena pa Zomba, musafulumire kuganiza kuti mwatulukira mtundu watsopano. Episyrphus ilinso ndi abale ake mu Africa, monga Episyrphus trisectus, choncho malamba awiriawiri akupatseni mfunda, osati dzina.

Chitsanzo chimene chimaphunzitsa kudzichepetsa ndi cha abale atatu a ku Ulaya: Syrphus ribesii, Syrphus vitripennis ndi Syrphus torvus. Pa duwa ndi ntchentche imodzi. Yaikazi ya ribesii ili ndi ntchafu yakumbuyo yachikasu yonse, pamene ya enawo ndi yakuda kumtunda. Apo chithunzi chikhoza kukwanira. Torvus ili ndi ubweya m'maso, wooneka bwino pa yaimuna koma wochepa pa yaikazi. Kuti musiyanitse yaimuna ya ribesii ndi ya vitripennis, muyenera kuona ngati ndime ina ya kutsinde la phiko yakutidwa yonse ndi tiubweya tosaoneka ndi maso kapena ili ndi dazi. Imeneyo ndi ntchito ya maikulosikopu. Anthu amene akhala akuziphunzira zaka makumi amangolemba Syrphus basi akaona chithunzi chotere, ndipo sachita nazo manyazi.

8. Ting'onoting'ono

Kakakhala kowonda, kakuda, ka ntchafu zakumbuyo zotupa ngati za chiwala, ndi Syritta kapena Eumerus. Syritta ndi yowonda kwambiri, m'mbali mwa chifuwa ndi motuwa, ndipo pansi pa ntchafu pali mzere wa timinga. Eumerus ndi yojintchirapo, pamimba ili ndi timizere totuwa topendekera, ndipo mtsempha wa kunsonga ya phiko umathyokera m'mbuyo. Paragus ndi kakang'ono zedi, mamilimita 5 kapena 6, ka nkhope yachikasu. Mifunda itatu yonseyi ili ndi mitundu yambiri mu Africa, ndipo yochuluka imasiyanitsidwa ndi ziwalo zoberekera za yaimuna. Lembani mfunda mupitirire.

9. Funsani ngati dzinalo ndi la kuno

Mukaika chithunzi pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu amathandizana kupeza mayina a zamoyo, kompyuta imakupatsani mayina oyerekeza. Ndi poyambira pabwino, koma kumbukirani kuti inaphunzira pa zithunzi zimene anthu anatumiza, ndipo zambiri n'zochokera ku Ulaya ndi ku America. Ikhoza kukuuzani kuti mwajambula Eristalis pertinax ku Mchinji, ntchentche imene kwawo ndi ku Ulaya. Musanavomereze dzina, tsegulani mapu a mtunduwo muone ngati unapezekapo mu Africa. Ngati ayi, bwererani pa mfunda, kapena pa banja lenilenilo, Syrphidae, mudikire anthu odziwa. Ikani zithunzi zonse zinayi pamodzi. Ku Tervuren, m'dziko la Belgium, akatswiri a ku Royal Museum for Central Africa akhala akukonzanso kaundula wa ntchentche za maluwa za mu Africa mfunda ndi mfunda, ndipo mitundu yatsopano ikutchulidwabe mayina. Chithunzi chabwino cha m'dimba la ku Ntcheu, chokhala ndi tsiku ndi malo olondola, si chinthu chamasewera. Ku Britain zolemba zotere amazisonkhanitsa a Hoverfly Recording Scheme.

Ngati dzina lenileni likufunikadi, sungani yaimuna imodzi. Isiyeni usiku wonse mbali youmitsa madzi ya firiji, ibayeni ndi kasingano kopyapyala pamsana chakumbali pang'ono, tambasulani phiko limodzi, ndipo pansi pake bayaninso kapepala ka malo, tsiku ndi dzina lanu. Isungeni m'kabokosi kotseka bwino, nyerere zisaipeze. M'malo otetezedwa monga Nyika kapena Liwonde musagwire kanthu popanda chilolezo. Kumeneko ndi kamera yokha.

10. Njira yachidule: ileleni nokha

Pali njira ina yopezera ntchentche yatsopano, yosaperepeseka, ndiponso yodziwiratu kuti imadya chiyani. Tembenuzani masamba a repu kapena nsonga za nyemba pamene nsabwe zaunjikana. Pakati pawo mudzapeza kamphutsi kobiriwira kapena kofiirira, kopanda miyendo, kosongoka kutsogolo, koyenda ngati nkhono yopanda chigoba. Kayang'aneni ndi galasi: kamabaya nsabwe, kuinyamula m'mwamba, kuiyamwa n'kutaya khungu. Kamodzi kamatha nsabwe mazana angapo kasanakhwime.

Thyolani tsambalo muliike m'botolo, pansi muyale kapepala kofewa koyamwa chinyontho, kukamwa mumange kansalu. Tsiku lililonse onjezani tsamba lina la nsabwe, n'kuchotsa lofota. Kakakhuta kamamatirira pa tsamba kapena pa galasi n'kuuma, kooneka ngati dontho la madzi. Musakagwedeze, ndipo botolo likhale pamthunzi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, malinga ndi kutentha, ntchentche imatuluka. Nthawi zina m'malo mwake mumatuluka kamavu kakang'ono kowonda, chifukwa kena kanaikira dzira m'mphutsimo kale. Diplazon laetatorius ndi kamodzi kodziwika ndi khalidwe limeneli padziko lonse. Kajambuleni nako, mulembe.

Ntchentche ikangotuluka imakhala yofewa, mapiko okwinyika, mawanga otumbuluka, ndipo mukaijambula nthawi imeneyo mudzasokoneza aliyense. Ipatseni tsiku lathunthu m'botolo, ndi kathonje konyowetsa m'madzi a shuga. Mawa lake tengani zithunzi zanu zinayi, sungani chikhungwa chimene yatulukamo pamodzi ndi zolemba zanu, ndipo mukaimasulire pa bedi lomwe lija la repu.